Risiti ya Khonsolo ndi Tulo ta Anansi

M'mabala ambiri a pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo kapena pa boma la Ntchisi mumapezeka pepala lopachikidwa kumbuyo kwa kauntala, kawirikawiri pakati pa kalendala ndi chikwangwani chokaniza ngongole. Pepalalo ndi chiphaso cha khonsolo chololeza kugulitsa mowa. Mwini bala akayambana ndi woyandikana naye pa nkhani ya phokoso la usiku, mkangano suchedwa kufika pa pepala limeneli. "Ine ndinalipira ku khonsolo," amatero mwini malo, ndipo sanama. Koma tamvetsetsani chimene wanena. Sananene kuti a khonsolo adabwera madzulo, adaona nyumba zimene zazungulira malowo, adamva maganizo a eni nyumbazo, kenaka n'kugamula kuti pano nyimbo zikhoza kulira mpaka tambala woyamba. Wangonena kuti adalipira. Ndikuganiza kuti mikangano yambiri ya pakati pa mabala ndi anthu okhala pafupi nawo m'maboma a Dowa ndi Ntchisi imachokera pamenepa: pepala limene lidayenera kukhala chigamulo lidasanduka risiti.

Malamulo okha sakusowa. Lamulo la dziko loyendetsa za mowa, limene lakhalapo kuyambira mu 1979, limasiyanitsa mitundu ya ziphaso, limaika maola ogulitsira, ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo a m'dera, kuphatikizapo othana ndi zinthu zosowetsa anthu mtendere. Ngakhale pakati pa milandu imene munthu angazengedwe kukhoti pali mlandu wosowetsa mtendere anthu wamba. Choncho amene amati boma liike lamulo akupempha chinthu chimene chilipo kale, mwinanso chochuluka kuposa chimene timagwiritsa ntchito. Chofunika kufunsa n'chakuti, n'chifukwa chiyani malamulo onsewa amaweruka nthawi imodzi ndi ofesi ya khonsolo, pamene bala ikuyamba kumene kudzuka?

Tisanaweruze wina aliyense, ndi bwino kukumbuka kuti m'mapiri muno usiku waphokoso si wachilendo. Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa gule wamkulu, ndipo ng'oma za mchezo zimalira mpaka mbandakucha, n'kumamveka kutsidya kwa madambo angapo. Mowa nawonso sudabwere ndi msewu wa tala. Masese ankafululidwa pa dima, pa ukwati, pa chinamwali ndi pokumbukira malemu. Palibe amene ankapita kwa amfumu kukadandaula za ng'omazo, ndipo si chifukwa chakuti makolo athu anali ndi makutu olimba kuposa athu. Phokoso lakale linkalengezedwa, kotero aliyense ankadziwiratu usiku wake. Linali la mudzi wonse, pakuti wosowa tulo lero ndi yemweyo amene adzachezetse anzake mawa pa mwambo wa pakhomo pake. Koposa zonse, linkatha. Mowa wa m'mbiya uli ndi pothera, ndipo mtsuko womaliza ukapendekeka anthu ankabalalika okha popanda wowauza kuti nthawi yakwana. Wofulula anali mayi wa pamudzi pomwepo, amene m'mawa mwake ankakumana kuchitsime ndi aliyense amene adagona mochedwa chifukwa cha iye. Amfumu ankalandira chipanda chawo, koma ankadziwa kuti polandira chipandacho alandiranso mlandu ngati pabuka ndewu.

Malire amenewa adachoka limodzilimodzi, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chidawachotsa tidachipempha tokha. Mowa wa m'mabotolo ndi wa m'mapaketi umabwera pa lole kuchokera kufakitale, ndipo sutha pokhapokha m'thumba muthe ndalama. Magetsi a ESCOM atafika m'malo ochitira malonda kudzera m'ndondomeko ya MAREP, adabweretsa chigayo, filiji ya katemera kuchipatala, komanso sipika zikuluzikulu. Kumene mawaya sadafike, sola ndi batire zidatseka mpatawo. Woimba ng'oma amatopa, manja amatupa, ndipo chikopa chimafuna kuwambidwanso pamoto. Memori khadi satopa. Mwini bala nayenso kawirikawiri si wa pamudzi pomwepo. Adagula puloti m'mbali mwa msewu, amagona kwina, ndipo amasiya mnyamata wolipidwa pamwezi amene alibe mphamvu yotsitsa nyimbo ngakhale atafuna. Chiphaso cha khonsolo chidabwera kudzalowa m'malo mwa malire akale aja, koma chidangotengako mbali imodzi ya udindo wa amfumu, ya kulandira chipanda, n'kusiya mbali ya kuweruza.

Kuti timvetse chifukwa chimene nyimbo zimakwerera motero, tiyenera kuyang'ana kalendala ya ndalama m'maboma awiriwa. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, ndalama za chaka chonse zimalowa m'midzi m'miyezi yochepa chabe, misika ya fodya ya Kanengo ndi Chinkhoma ikatsegulidwa cha mu Epulo. Soya, mtedza ndi chimanga zimagulidwanso nthawi yomweyo. Mwini bala amadziwa kuti miyezi imeneyi ndiyo idzamulipirire Januwale ndi Febuluwale, pamene munthu amalowa m'bala kudzangoonera mpira. N'chifukwa chake sipika saiika mkati moyang'ana omwa. Amaiika pakhomo, kuyang'ana kumsewu. Ntchito yake si kusangalatsa amene alowa kale, koma kuitana mlimi amene wangotsika minibasi ndipo sanasankhe kolowa. Mnzake wa bala yoyandikana akakweza, iyenso ayenera kukweza, apo ayi malo ake aoneka ngati pali maliro. Mapeto ake onse amakweza, palibe amene wapambana mnzake, ndipo omwa enieniwo amakuwirana m'makutu kuti amvane. Pa Mponela pamaonjezerapo madalaivala a malole a pa msewu wa M1 ndi ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe amene amadzachita misonkhano m'mahotela a pamenepo, amene masana amakambirana za chitukuko ndipo madzulo ena mwa iwo amathandiza kutukula malo omwera.

Miyezi yomweyi ndi ya chisanu, pamene usiku mpweya umakhala bata ndipo kugunda kwa sipika kumayenda m'zigwa mtunda wautali. Ndi miyezi yomweyinso imene ana a sitandade 8 ndi a folomu 4 kawirikawiri amakonzekera ndi kulemba mayeso a MANEB. Palibe amene adakonza kuti zinthu zikumane chonchi, koma zotsatira zake zimagwera anthu odziwika bwino. Kuseri kwa mzere wa mabala ndi magolosale kumakhala timanyumba ta lendi, ta malata opanda siling'i, ta mazenera otsekedwa ndi katoni. Mmenemo mumagona mtsikana wochokera kumudzi wakutali amene akudziphikira yekha kuti akhale pafupi ndi sekondale yoyendera, namwino amene ayenera kukalandira ntchito m'mawa, mphunzitsi, ndi gogo wodwala kuthamanga kwa magazi amene adabwera kudzakhala kwa mwana wake kuti ayandikire chipatala. Adasankha malowo chifukwa ndi otsika mtengo, ndipo ndi otsika mtengo chifukwa cha phokosolo. Amene ali ndi ndalama adamanga patali, mkati mwa mpanda.

Ndipo si nyimbo zokha. Mayi wa m'nyumba yoyandikana amayamba tsiku ndi kuthira madzi pakhoma limene usiku lidagwira ntchito ya chimbudzi, n'kutola magalasi a mabotolo ana asanatuluke opanda nsapato. Ndewu ikabuka pakati pa usiku imathera pakhonde pake. Mwana wake wa zaka zisanu amadziwa kale mawu amene iye sadamuphunzitse. Zinthu zimenezi sizifika pa mlingo wa mlandu umene wapolisi angatsegulire fayilo, ndipo chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono. Kulemera kwake kuli m'kubwerezabwereza, usiku ndi usiku, popanda tsiku limene munthu angaloze kuti zidzatha.

Tsopano tiyang'ane mbali ya khonsolo, mopanda kuinyoza. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi. Makhonsolo a mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre amatolera msonkho wa nyumba ndi malo, koma khonsolo ya kumudzi ilibe chitsime chotere. Ndalama zochokera ku likulu zimabwera zitauzidwa kale kopita, ku maphunziro, ku zaumoyo, ku ulimi, ndipo sizifika nthawi zonse pa tsiku lake. Ndalama zimene khonsolo ingati ndi zakezake zimachokera ku matikiti a pamsika, ku madepoti ndi ku ziphaso za malonda, ndipo ndi zomwezo zimene zimalipira alonda, osesa mumsika ndi otolera msonkho enieniwo. M'kaundula wotere, bala yatsopano ndi nkhani yabwino. Kukana chiphaso ndi kutaya ndalama zimene zikuoneka, pofuna kuteteza tulo timene sitilembedwa pa mzere uliwonse wa bajeti. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wosunga chuma cha khonsolo amene antchito ake sadalandire miyezi ingapo safunika kumumasulira mwambiwu.

Kuyendera malo nakonso kuli ndi nthawi yake. Woona za ukhondo amafika masana, amayang'ana ngati pali chimbudzi, madzi osamba m'manja ndi potaya zinyalala, ndipo amapeza bala ili zii, mnyamata akutsuka matambula. Zonse zimene walemba ndi zoona pa ola limenelo. Bala imene anansi amaidziwa imayamba iye atabwerera ku boma, ndipo kuchoka pa boma la Dowa kupita ku Madisi usiku kumafuna galimoto, mafuta ndi alawansi zimene palibe adaziika pa bajeti. Motero khonsolo imapereka chiphaso kwa malo amene sidawaonepo pa nthawi imene amagwira ntchito.

Pali mbiri ina imene timaiiwala msanga. Makhansala amene adasankhidwa mu 2000 adamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko lidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo malo ochitira malonda sadaleke kukula. Mafumu ndi eni minda ya m'mbali mwa msewu ankadula mapuloti, wina n'kumanga nyumba, wina tchalitchi, wina chigayo, wina bala, aliyense pamene wapeza. Lamulo latsopano la mapulani a malo lidabwera mu 2016, makoma atauma kale. Mapu a boma akhala akutsalira m'mbuyo mwa anthu kwa nthawi yaitali. Ndi m'boma la Dowa lomweli mmene muli Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo umene udatsegulidwa mu 1994 ndipo lero uli ndi anthu oposa 50,000, kuposa tawuni ya Mponela, ngakhale kuti pamapepala si tawuni. Pamene malo sadagawidwe kuti uku n'kogona, uku n'kochitira malonda, funso lililonse la chiphaso limasanduka mkangano wa anthu awiri amene onse ali ndi chifukwa chomveka chokhalira pamene alipo.

Nanga wosowa tulo uja amakadandaula kuti? Akapita kwa nyakwawa, amauzidwa kuti malo a chiphaso ndi a boma, mfumu singawakhudze. Akapita kupolisi, amafunsidwa ngati wina wavulala, ndipo ngati palibe amalozeredwa ku khonsolo. Ku khonsolo amamuuza kuti alembe kalata, ndipo ulendo wokapereka kalatayo umadya ndalama ya ndiwo za sabata. Khansala alipo tsopano, koma amadziwa kuti anyamata a pa bala amavota, ndiponso kuti pa nthawi ya kampeni mwini bala ndiye amabwereketsa sipika. Palinso china chimene sichinenedwa poyera. Wodandaula pa malo aang'ono amadziwika dzina tsiku lomwelo, ndipo amatchedwa wansanje, wosafuna kuti mnzake atukuke. Nthawi zina mwini nyumba imene akuchita lendi ndi mwini bala yemweyo. Ambiri amangokhala chete, kapena kusamuka. Chaka chikatha, khonsolo imaona kuti palibe dandaulo lililonse lolembedwa, ndipo moona mtima imaonjezera chiphaso chaka china.

Yankho loyamba limene limabwera m'maganizo ndi lotseka mabala onse msanga. Tidaliyesapo. Pa nthawi ya Covid-19, mu 2020 komanso mu Januwale 2021, boma lidalamula kuti malo omwera mowa azitsekedwa pofika 8 koloko usiku. Kwa anthu okhala kuseri kwa mabala, amenewo adali masiku a tulo tabwino m'nyengo yoipa. Zidaonetsa kuti boma likafuna, nyimbo zimazima. Koma zidaonetsanso kuti ludzu silitsatira wotchi. Kwina chitseko chakumaso chinkatsekedwa omwa ali mkati, ndipo ena adasamukira m'makomo mophikidwa kachasu, kumene kulibe chiphaso, kulibe maola, ndipo palibe amene amafunsa zaka za wogula. Zofanana ndi zimenezi zidachitika ndi mowa wa m'masacheti. Zambia idaletsa tujilijili mu 2012, Malawi adatsatira mu 2015, ndipo mowa waukali wotsika mtengo udabwereranso m'timabotolo tating'ono. Bala ya chiphaso, ndi zolakwa zake zonse, ndi malo okhawo omwera amene boma limawadziwa dzina ndi pamene ali. Kuifinya iyo yokha ndi kupereka makasitomala kwa shabini, imene siipereka kanthu ku khonsolo ndipo ili mkatikati mwa nyumba za anthu.

Yankho lachiwiri ndi lotumiza apolisi kuti akasese. Apa tili ndi phunziro lochokera kwa anansi athu a ku Kasungu. Usiku wina mu Malichi 2018 apolisi kumeneko adagwira anthu m'malo omwera mowa pa ntchito yawo yosesa. Mwa ogwidwawo mudali woseweretsa nyimbo amene anali pantchito yake, wogulitsa kanyenya, ndi wina amene ankangomwa. Nkhaniyi idafika ku bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, ndipo mu 2022 woweruza Zione Ntaba adagamula kuti kugwira anthu mwachisawawa motero n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Izi zidatsatira chigamulo cha mu 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, chimene chidathetsa gawo lina la lamulo la vakabu limene apolisi ankagwirira anthu oyenda usiku. Kupatula nkhani ya ufulu, kusesa kuli ndi chilema china: kumanyamula wogulitsa kanyenya n'kusiya sipika pamene inali. Vuto la chiphaso limafuna amene adapereka chiphasocho, osati galimoto ya apolisi yodzaza anthu amene alibe dzina pa pepalalo.

Yankho lachitatu limachokera kutchalitchi, ndipo m'dera lino liwu limeneli ndi lamphamvu. Mishoni ya Mvera idayamba mu 1889 m'dziko la Chiwere, ya Kongwe idatsatira mu 1894, ndipo mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Nkhoma umene udachokera mmenemo wakhala ukuphunzitsa motsutsa mowa kwa mibadwo ingapo. Chiphunzitsocho chapulumutsa mabanja ambiri, ndipo mayi amene ndalama za fodya za pakhomo pake zidathera pa kauntala safuna umboni wina. Komabe dandaulo la phokoso likasanduka nkhondo yolimbana ndi mowa weniweniwo, limataya mphamvu. Mwini bala amazindikira kuti ngakhale atatsitsa nyimbo anthuwa sadzakhutira, choncho saona chifukwa chotsitsira. Amadziwanso, monga tonse tidziwira, kuti mapemphero ochezera a mipingo ina amagwiritsa ntchito zokuzira mawu za mphamvu yomweyo, nthawi zina zobwerekedwa kwa munthu mmodzi yemweyo. Mwana wa folomu 4 amene akuwerenga pa nyali sasiyanitsa kwenikweni ngati chimene chikugwedeza malata ndi nyimbo ya chikondi kapena ya chitsitsimutso. Lamulo la khonsolo lokhudza phokoso limene lingalemekezedwe ndi lokhalo limene silifunsa kuti nyimboyo ikunena chiyani.

Tiyeneranso kuvomereza kuti usiku wa pa malo ochitira malonda umadyetsa anthu ambiri kuposa amene amaoneka pa chiphaso. Pakhomo pa bala pali wa chiwaya, wootcha nyama, mayi wa mang'ina, wogulitsa mayunitsi, akabaza odikira okwera, ndi mlonda. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene sukulu idawathera panjira ndipo munda wa makolo sukwanira kugawana. Maola a usiku amene wina akufuna kudula ndi amene iwo amapezera ya ufa. Palinso mabala amene adamangidwa pamalo popanda nyumba, anthu n'kudzawatsatira pambuyo pake chifukwa pamenepo ndi pamene padafika magetsi. Kuuza mwini malo otere kuti asamuke chifukwa cha anthu amene adamupeza si chilungamo chodziwikiratu. Koma kukhala woyamba kufika sikupatsa munthu umwini wa mpweya wa dera lonse mpaka kalekale.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi chinthu chimene aliyense adachionapo. Pakagwa maliro pafupi ndi msika, achinyamata amaika masamba pamsewu, wa njinga amatsika n'kuyamba kukankha, wa galimoto amachepetsa liwiro, ndipo bala yoyandikana imatsitsa nyimbo kapena kuzimitsa kumene. Palibe wapolisi, palibe kalata ya bwanamkubwa. Mowa umagulitsidwabe, ndipo omwa sathawa. Izi zikutiuza kuti malonda a mowa ndi phokoso si chinthu chimodzi, ndiponso kuti mwini bala amadziwa kumvera ulamuliro umene akuuona kuti ndi wa anthu onse, umene ukugwira mnzake mofanana ndi iye, ndipo kuunyoza kuli ndi mtengo wake. Chimene amakana ndi kutsitsa yekha mnzake akukweza. Pa chifukwa chimenechi ndikukhulupirira kuti eni mabala ambiri sangadane ndi lamulo lolowetsa sipika zonse mkati pa ola limodzi, malinga likhale la mzere wonse.

Chiphaso chikhoza kunena zambiri kuposa dzina ndi chaka. Chikhoza kusiyanitsa ola loleka kugulitsa ndi ola lotsitsa nyimbo, pakuti anansi ambiri alibe nazo kanthu kuti munthu akumwa mpaka liti ngati akumwa mwakachetechete. Chikhoza kunena kuti sipika ikhale mkati ndipo iyang'ane mkati, kuti chimbudzi chikhale chotsegula ndi chowala usiku, ndiponso kuti bala imene yatsamira sukulu kapena chipatala ikhale ndi maola osiyana ndi imene ili payokha kumapeto kwa msika. Zonsezi sizifuna makina oyezera phokoso. Muyeso wakuti nyimbo zisamveke m'nyumba ya chitatu kuchokera pa bala angautsimikize nyakwawa, wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi khansala ataima pamodzi pakhomo pa nyumbayo. Ku England, pansi pa lamulo lawo la 2003, wopempha chiphaso amapachika chidziwitso pakhoma la malowo kwa masiku 28 kuti oyandikana nawo anenepo maganizo awo, ndipo chiphaso chikaperekedwa anansi akhoza kupempha kuti chiunikidwenso. Sindikutchula izi chifukwa chakuti kumeneko kuli nzeru zoposa kuno. Ndikuzitchula chifukwa mtengo wake ndi pepala limodzi ndi misomali inayi, ndipo ife tili kale ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera amene angamve nkhani zotere popanda wina kukwera minibasi.

Kumvera anansi kulinso ndi phindu loposa tulo. Amalawi amene ali ku South Africa akukumbuka za Enyobeni, malo omwera mowa a ku East London kumene achinyamata 21 adafera usiku umodzi mu Juni 2022, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 13. Malowo anali ndi chiphaso, ndipo oyandikana nawo anali atadandaulapo kale za phokoso ndi maola. Munthu amene amagona kuseri kwa khoma ndiye amayamba kudziwa kuti pamalo pakulowa ana a sukulu, kuti chitseko chotulukira ndi chimodzi, kuti ndewu zayamba kubwera ndi mipeni. Dandaulo lake la phokoso nthawi zambiri limakhala lipoti la kuyendera malo limene khonsolo sikadakwanitsa kulipira.

Sindikunena kuti njira imeneyi ilibe minga. Msonkhano wa anansi ukhoza kusanduka bwalo lobwezerana zakale, ndipo mwini bala wina akhoza kutuma abale ake kukadandaula za mnzake. Mfumu imene ikufunsidwa maganizo mwina ndi yomwe idagulitsa pulotiyo. Mphamvu iliyonse yatsopano yokana chiphaso ndi mwayinso watsopano wopempha kangachepe, ndipo amene adakhalapo pamzere wa ofesi iliyonse sangatsutse. N'chifukwa chake madandaulo ayenera kulembedwa m'buku limene aliyense angaliwerenge, chifukwa chokanira kapena chovomerezera chilembedwenso, ndipo chilango chiyambe ndi chenjezo, kenaka kudula maola, kulanda chiphaso kukhale komaliza. Khonsolo iyeneranso kuvomereza kuti chaka china idzataya ndalama za chiphaso chimodzi kapena ziwiri, mwina za munthu wodziwika, ndipo kuti malamulo ake a m'dera, amene amadikira chivomerezo cha nduna asanayambe kugwira ntchito, ayenera kuwerengedwa m'Chichewa pamsika osati kungosungidwa m'kabati ya ku boma.

Nkhani ya nthawi nayonso ndi yofunika. Zokambirana zotere ziyenera kuchitika cha mu Febuluwale kapena Malichi, fodya akadali m'zigafa, pamene mwini bala ali ndi mpata wokhala pansi ndipo chiphaso cha nyengo ikubwerayo akuchifunitsitsa. Pofika mu Meyi mabelo ayamba kale kupita ku Kanengo, ndipo aliyense amene angaitanidwe ku msonkhanowo, kuyambira mwini bala mpaka wotolera msonkho wa khonsolo, amakhala ali pa ntchito yowerenga ndalama.